Makina otimvetsera timagula ndife, ndiye pepala lake tilione

Abale anga a kuno ku Thyolo, kuyambira ku Bvumbwe mpaka ku Thekerani, ndi inu amene muli ku Ndirande, ku Area 25, ku Mzuzu ndi ku Joni, lero za feteleza ndi za chisaka cha m'nthochi ndazisiya kaye. Ndikufuna tikambe za foni imene mwagwira m'manjayo, ndi za makina amene boma limagula kuti lizidziwa zoyenda m'menemo. Mfundo yanga ndi imodzi basi: makina aliwonse otilondalonda ogulidwa ndi ndalama zathu, pepala lake liziikidwa poyera, ndipo owagwiritsa ntchito aziyang'aniridwa ndi anthu amene sadyera nawo mbale imodzi. Uthengawu ndi wautali, amene bandulo yatsala pang'ono musunge, muwerenga madzulo.

Aliyense amene anathyolapo tiyi akudziwa chifukwa chake sikelo imapachikidwa panja, pa shedi, anthu onse akuona. Kalaliki akamayeza, wothyola amaima pompo, maso pa muvi. Nambala ikatchulidwa, anzake pamzere amva. Sikuti kalaliki aliyense ndi wakuba ayi. Koma sikelo ikalowa m'chipinda, chitseko n'kutsekedwa, ngakhale kalaliki wopemphera amayamba kuyesedwa. N'chifukwa chake a Malawi Bureau of Standards ali ndi ntchito yoyesa masikelo a malonda, kuti mwini sikelo asakhalenso woiweruza yekha. Tiyi yemweyo akafika ku okushoni ku Limbe amagulitsidwa ogula akupikisana, wina akumva mtengo wa mnzake. Ngati masamba a tiyi timawachitira chilungamo chotere, nanga makina oyeza zotuluka pakamwa pathu?

Ndikukumbutseni zimene zinachitika. Mu Januwale 2025, bungwe loyang'anira mafoni, mawailesi ndi intaneti la MACRA linalengeza kuti likufuna kupereka kontirakiti ku kampani ya ku Ghana yotchedwa Hashcom. Mtengo wake madola pafupifupi 1.5 miliyoni, imene nthawi imeneyo inali K2.6 biliyoni. Ntchito yake, malinga ndi iwowo, kutsata mmene nkhani zabodza zikufalikira pa masamba a mchezo. Apatu kunali kutatsala miyezi isanu ndi itatu kuti tikavote pa 16 Seputembala. Inalinso nthawi imene inu a m'tauni munkagona pa mizere ya mafuta, tikuuzidwa kuti ndalama zakunja zasowa. Za petulo kunalibe, za makinawa zinapezeka.

Kuti K2.6 biliyoni muimve bwino, iyezeni ndi K15,000 ija mlimi ankaperekera thumba limodzi la feteleza wa AIP. Ikukwana kulipirira gawo la mlimi pa matumba oposa 173,000. Ndipo wina asakunamizeni kuti imeneyo si ndalama yanu poti sinachoke ku Capital Hill. MACRA imapeza ndalama zake kuchokera ku ziphaso ndi zopereka za makampani a foni ndi mawailesi. Makampaniwo amazitenga kuti? Kwa agogo amene agulitsa mulu wa tomato pa Luchenza n'kugula mayunitsi oti aimbire mdzukulu. Kuyambira 2015 timalipiranso msonkho wa 10 peresenti pa mameseji ndi intaneti. Tonse amene tili ndi foni tinasonkha nawo.

Atolankhani ndi mabungwe atadandaula, akuluakulu a MACRA anayankha kuti makinawo sawerenga mauthenga a munthu payekha, amangoona zimene anthu alemba pagulu. Mwina n'zoona ndithu. Koma ine monga mlimi sindigula mbuzi pongomva kulira kwake kuseri kwa nyumba. Ndimaiona mano, ndimaigwira msana. Ngati makinawo alibe choipa, mndandanda wa zimene amatha kuchita ndi zimene sangathe uli m'kontirakiti. Autulutse tiwerenge, kapena atiwerengere ana athu amene anaphunzira za makompyuta ku MUST pompano pa Ndata. Kuika chidziwitso m'nyuzipepala mutasankha kale kampani ndi mtengo, kumeneko n'kutiuza, si kutifunsa. N'chimodzimodzi mkamwini kubwera kudzanena kuti munda wa apongozi waugulitsa kale, amangofuna mudziwe.

Tsono mvetserani bwino apa, chifukwa ndi pamene anzanga a kuno mundikwiyire. Nkhaniyi sinayambe ndi boma la a Chakwera. Makina oyamba amene anthu anawatcha a kazitape, dzina lake lenileni CIRMS, anagulidwa nthawi ya malemu Bingu wa Mutharika, mwana wa kuno kwathu, amene wagona pa Ndata. MACRA yomweyi inawagula ku kampani ya ku America yotchedwa Agilis International, pa mtengo wa madola pafupifupi 7 miliyoni. Zifukwa zinaperekedwa zomveka: kuona ngati makampani a foni akupereka misonkho yokwanira, ndi kuyeza ngati netiweki ikugwira bwino. Koma makinawo ankafuna kaundula wosonyeza amene waimbira yani, nthawi yanji, kwa mphindi zingati. Nzika ziwiri zinatengera nkhaniyi kukhoti, ndipo mu 2012 bwalo lalikulu linaletsa makinawo. Mu 2014 khoti la apilo linatembenuza chigamulocho. Milandu inakokanabe mpaka 2017, kenako njira inatseguka.

Werengani ndi zala. Anagulidwa pansi pa Bingu. Anazengedwa mlandu pansi pa amayi Joyce Banda. Anayatsidwa pansi pa a Peter Mutharika. A Chakwera anawapeza, ndipo nthawi yawo kunabweranso nkhani ya makina ena. Lero a Peter Mutharika abwereranso pampando. Makina savala nsalu ya chipani, abale anga. Savota, sapuma pa ntchito, sapita ku maliro. Amangodikira amene wagwira makiyi chaka chimenecho. Pamene ankagula a buluu, a tambala ankalira. Pamene ankagula a tambala, a buluu ankalira. Aliyense akalowa, kulira kumatha.

Ndiye inu achimwene amene mumandilembera ku inbox kuti tsopano ndi adadi, zoterezi tizisiye, ndikuyankheni pano pagulu. Ngati mu Januwale 2025 munkakuwa kuti makinawa ndi oipa, sanasanduke abwino chifukwa chakuti pampando pakhala wa kwathu. Ndipo ngati mumawakondadi atsogoleri athuwa, apempheni amange mpanda wa malamulo panopa akadali ndi mphamvu, chifukwa tsiku lina adzachoka, makiyi n'kugwidwa ndi amene inu simumufuna. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Ena mukuti, ine ndilibe chobisa, andimvetsere ngati akufuna. Atsibweni, ngati mulibe chobisa, bwanji chimbudzi chanu chili ndi chitseko? Bwanji za malire a munda mumakambirana ndi alongo anu pansipansi? Malamulo oyendetsera dziko lino, gawo 21, amati munthu aliyense ali ndi ufulu wa chinsinsi, kuphatikizapo makalata ake ndi zolankhula zake pa foni. Amene analemba gawo limenelo mu 1994 sankalota. Anali atangotuluka m'nthawi imene kalata yochokera ku Wenela inkatha kufika yotsegulidwa kale, nthawi imene bambo ankayang'ana uku ndi uku asanatchule dzina la Kamuzu m'nyumba mwake momwe. Akuluakulu a kuno akukumbuka mmene munthu ankasowera chifukwa cha mawu amodzi olankhulidwa pa bibida. Nthawi imeneyo kazitape anali munthu, ankatopa, ankagona, nthawi zina ankachita manyazi. Makina sachita manyazi.

Musatinso zimenezo n'zakale. Mu Epulo 2022 apolisi anagwira mtolankhani Gregory Gondwe wa Platform for Investigative Journalism n'kumulanda foni ndi kompyuta, atalemba nkhani yokhudza malipiro a boma ku kampani yolumikizana ndi Zuneth Sattar. Ankafuna kudziwa amene anamupatsa chikalata. Taonani bwino apa: mtolankhani ankafufuza mmene boma limagulira katundu, ndipo chimene analandidwa ndi foni. Mu Febuluwale 2024 apolisi analanda mafoni ndi malaputopu a antchito oposa khumi a MBC pofufuza tsamba lina la pa Facebook. Mu Meyi chaka chomwecho munthu wina wa ku Dowa anagamulidwa kulipira K200,000 kapena kukhala kundende miyezi isanu ndi umodzi, chifukwa cha kanema wa pa TikTok wonyoza Pulezidenti. Lamulo lomangira anthu chotere, la Electronic Transactions and Cyber Security Act, linakhazikitsidwa mu 2016, buluu akulamula, ndipo tambala analigwiritsa ntchito osalikana. Onjezani kuti kuyambira 2018 nambala iliyonse ya foni imalembetsedwa ndi chitupa, ndipo chitupa cha unzika chili ndi nkhope yanu, zidindo za zala zanu ndi mudzi wanu. Amene waona zimene mwalemba sangavutike kupeza khomo lanu.

Inde, ndikudziwa chimene ena munene, ndipo sindichithawa. Bodza limapha. Ife a kuno sitifunika kuphunzitsidwa zimenezo. Mu 2017 mphekesera ya anamapopa inayenda m'Mulanje, m'Phalombe, kuno ku Thyolo mpaka ku Blantyre. Anthu osalakwa anaphedwa ndi magulu a anthu, alendo ankaopa kudutsa, ogwira ntchito za umoyo ankalephera kulowa m'midzi ina. Choncho amene akuti boma liyenera kudziwa msanga bodza likayamba kuyenda, sakulankhula zopusa. Koma kumbukirani kuti mphekesera ija inkayenda kwambiri pakamwa: pa chitsime, pa maliro, pa mzere wa sikelo. Ndipo inazilala pamene mafumu, a mipingo, apolisi ndi atsogoleri anafika m'midzi kudzalankhula ndi anthu maso ndi maso. Ngati makina angathandizepo, chabwino, abwere. Koma abwere masana, tikudziwa malire ake. Chikwanje n'chabwino kumunda, koma munthu akalowa nacho m'nyumba mwako usiku atachibisa m'malaya, umafunsa.

Funso lalikulu ndi lakuti, amene azinena kuti ili ndi bodza ndani? Mayi wothyola tiyi akalemba pa gulu kuti sikelo ya pa shedi yawo ikudya makilo, limenelo ndi bodza kapena dandaulo? Mnyamata wa ku Khonjeni akalemba kuti kwawo malo olima atha pamene minda ya tiyi yafika mpaka kuphiri, ameneyo akusokoneza mtendere kapena akunena chimene aliyense akuona ndi maso? Nkhani ya malo kuno ndi chilonda cha kuyambira nthawi ya thangata, ndipo boma lililonse limafuna tiziilankhula motsitsa. Kumbukiraninso kuti mu 2021 kampani ina ya ku Britain inavomera kupereka ndalama kwa amayi 36 a m'maesiteti a kuno kummwera amene anadandaula za nkhanza zogonana kuntchito, ngakhale kampaniyo sinavomere mlandu. Amayi amenewo anayamba n'kunong'onezana. Munthu akadziwa kuti pali khutu limene sakuliona, ngakhale kunong'ona amasiya. Makinawo safunikanso kumanga munthu. Mantha okha amagwira ntchito yonse, ndipo kapitawo woipa amagona tulo tabwino.

Palinso mbali ya ndalama, imene ngakhale inu osaopa kumvetseredwa iyenera kukukhudzani. Katundu wogulidwa m'dzina la chitetezo ndi amene akuba amamukonda, chifukwa ukafunsa mtengo amakuuza kuti n'zachinsinsi. Ku Ghana, mu Meyi 2020, bwalo lalikulu la ku Accra linatumiza kundende akuluakulu atatu akale a boma, mmodzi wa iwo mkulu wa bungwe lawo longa MACRA, chifukwa chotayitsa boma madola 4 miliyoni pogula zida zomvetsera mafoni kuchokera ku kampani ya ku Israel ya NSO Group. Mlandu umenewo sukukhudza kampani ya Hashcom, ndisamveke molakwa. Ndikungosonyeza kuti bungwe loyang'anira mafoni likayamba kugula zida zotere chitseko chili chotseka, mapeto ake amatha kukhala otani. Ife eni ake tinaona Cashgate mu 2013, ndalama zikutuluka pa katundu amene sanabwere n'komwe. Ndipo inu a ku Joni simunaiwale kumayambiriro kwa 2024, pamene kusindikiza mapasipoti kunaima kwa masabata angapo, Pulezidenti n'kuuza Nyumba ya Malamulo kuti makompyuta ake alowedwa ndi achiwembu. Ngati makina a mapasipoti anagwidwa chotero, amene akusunga zolankhula za anthu akutetezedwa bwanji, ndipo kampani yakunja yowakonza imaona zingati? Amenewa ndi mafunso a mwini ndalama, si a munthu woukira boma.

Chimene chimandidabwitsa kwambiri ndi ichi. Mu 2024 dziko lino linakhazikitsa lamulo loteteza mbiri ndi zinsinsi za anthu, la Data Protection Act. Lamulo labwino ndithu, tinalidikira nthawi yaitali. Koma mlonda amene lamulolo linamuika kuti aziteteza zinsinsi zathu ndi MACRA. Yomweyo yogula makina. Ndiye ukaona kuti makinawo akulakwira, ukadandaule kwa mwini makina? Kuno kwathu ngakhale mlandu wa nkhuku, mwini nkhuku sakhala nyakwawa. Onjezani kuti mamembala a bodi ya MACRA amasankhidwa ndi Pulezidenti, aliyense amene ali pampando nthawi imeneyo. Sindikunena kuti anthu a kumeneko ndi oipa. Ndikunena kuti kalaliki, mwini sikelo ndi woyesa sikelo asakhale munthu mmodzi.

Tsono tikufuna chiyani? Zinthu zake si zovuta, ndipo palibe chimene chingagwetse dziko.

Kontirakiti iliyonse ya makina otsata mafoni, intaneti kapena nkhope za anthu iikidwe poyera: kampani yake, eni ake enieni a kampaniyo, mtengo, ndalama zowakonzera chaka ndi chaka, makampani ena amene anapikisana nawo ndi chifukwa chake anagonja. Bungwe la PPDA lilipo kuti liziyang'anira kagulidwe ka katundu wa boma. Lisamangoona ngati mafomu adzazidwa bwino, lizionetsetsanso kuti ife tawaona.

Asanagule, nkhani ipite ku Nyumba ya Malamulo, komiti ya aphungu imve maganizo a anthu pagulu, wailesi zikuulutsa, m'Chichewa, m'Chitumbuka, m'Chiyao ndi m'Chilomwe momwe. Osati kudzatiuza nsima itapsa kale.

Pasakhale wotsegula za munthu wina aliyense popanda chilolezo cha khoti, ndipo aliyense wogwira makinawo azisiya dzina lake m'kaundula: ndani, tsiku liti, wafufuza yani, pa mlandu uti. Pa shedi wothyola aliyense ali ndi nambala ndipo kilo iliyonse imalembedwa. N'chifukwa chiyani wofufuza anthu asalembedwe?

Chaka chilichonse Nyumba ya Malamulo izilandira lipoti lonena kuti makinawo agwiritsidwa ntchito kangati, ndipo mkulu wolondoloza ndalama za boma aziona ngati tinalandiradi chimene tinalipira. Ntchito yoteteza zinsinsi zathu ichoke m'manja mwa ogula makina, ipite ku bungwe loima palokha.

Pomaliza pa mndandandawu, boma limene lilipo lero linene poyera kuti kontirakiti ya mu 2025 ija ili pati, ndalama zingati zinatuluka, makinawo ali m'manja mwa yani, ndipo CIRMS ikugwira ntchito yanji panopa. Amene ankadzudzula ali kunja ali ndi mwayi wosonyeza kuti sinali kampeni chabe.

Mwina mukuti, ife alimi tingatani? Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Abale, chida tili nacho, koma chikuchita dzimbiri. Gawo 37 la malamulo oyendetsera dziko limatipatsa ufulu wodziwa zimene boma likusunga. Lamulo la Access to Information linadutsa m'Nyumba ya Malamulo mu 2016, n'kuyamba kugwira ntchito pa 30 Seputembala 2020. Mmalawi aliyense angathe kulemba kalata yopempha chikalata ku ofesi ya boma, ndipo ofesiyo iyenera kuyankha pasanathe masiku 15 ogwira ntchito. Akakana kapena akangokhala duu, dandaulo limapita ku Malawi Human Rights Commission. Silinena kuti wopempha akhale ndi digiri kapena suti. Kalabu ya alimi ingalembe. Komiti ya mpingo ingalembe. Inu a m'tauni amene muli pafupi ndi maofesi, amene Chingerezi chimakutsetserekani pa lilime pa maukwati, ntchito yanu ndi imeneyi. Kalata imodzi amaiponya m'dirowa, koma makalata makumi asanu ochokera m'maboma osiyanasiyana amasowa pobisa.

Ndipo aphungu athu akabwera ku maliro kapena ku msonkhano wa chitukuko, tisamangowapempha bokosi ndi mlatho. Tiwafunsenso kuti, bwana, pepala la makina aja munaliona? Ngati simunalione, munafunsa liti m'Nyumba muja? Akhansala ndi a ADC nawonso amve kuti ife a kumudzi nkhaniyi tikuitsata. Pa mapologalamu oimba foni pa wailesi, funsani zomwezo, mwaulemu koma mosabwerera m'mbuyo.

Alipo achemwali anga ena amene awerenga mpaka apa mtima uli phaphapha, akuti bambo inu mudzamangidwa nazo izi, fufutani. Achemwali, mantha amenewo ndiye umboni wa zonse ndalembazi. Sindinatukwane munthu, sindinanamizire munthu. Ndafunsa lisiti ya katundu amene ndinasonkha nawo ndalama. Ngati kufunsa lisiti kwayamba kuopsa, ndiye kuti zimene makolo athu anavotera pa 14 Juni 1993 tikuzibweza tokha, pang'onopang'ono, ndi ndalama zathu zomwe.

Amene mukutsutsana nane lembani m'munsimu, dzina lanu lili poyera ngati langa, tikambirane ngati anthu a mudzi umodzi. Koma musandiuze kuti khalani chete poti olamula ndi athu. Athu ndi amene tiyenera kuwafunsa kwambiri, chifukwa ndi amene tinawatuma. Amene muli ndi mwana kapena mphwanu wodziwa kulemba kalata ya ku ofesi, mutumizireni uthengawu, ayambepo sabata ino.